Kamtsuko ka Mafuta ndi Ziwiya za Anansi

M'Buku Lachiwiri la Mafumu, mutu 4, ndime 1 mpaka 7, muli nkhani yaifupi imene ambiri amangoilumpha pothamangira nkhani yotchuka ya Namani wakhate ya m'mutu wotsatira. Ndi nkhani ya mayi wamasiye amene ngakhale dzina lake Malembo sadalisunge. Mwamuna wake adali wa m'gulu la aneneri, munthu woopa Mulungu, koma adamwalira atasiya ngongole. Mwini ndalama uja adali m'njira kudzatenga ana awiri aamuna a mayiyo kuti akakhale akapolo ake. Malamulo a Mose adali ataletsa kale kusandutsa Mwisraele wosauka kukhala kapolo, monga akunenera Levitiko mutu 25, ndipo Eksodo mutu 22 adachenjeza za kuzunza akazi amasiye. Koma pa nthawi imeneyo malamulo oterewa ankangogona m'mipukutu, ndipo wokongoza ankachita zimene wafuna.

Bambo woopa Mulungu adafa ndi ngongole. Mfundo imeneyi iyenera kumveka bwino m'tauni muno, momwe alaliki ena amaphunzitsa kuti umphawi ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, ndi kuti munthu akabzala mbewu ya ndalama m'manja mwa mlaliki, mawa lake galimoto ifika pakhomo. Baibulo silinena kuti mneneri womwalirayo adachimwa. Adangosauka basi, monga asaukira akhristu ambiri okhulupirika amene salumpha Misa ya Lamulungu ndi imodzi yomwe.

Mayiyo adapita kukalira kwa mneneri Elisa. Elisa sadapise m'thumba, ndipo sadatemberere mwini ngongole. Adafunsa mayiyo za zimene zidatsala m'nyumba mwake. Yankho lake lidayamba ndi kukana, kuti mulibe kalikonse, kenaka ndi pamene adakumbukira kamtsuko ka mafuta. Umu ndi momwe umachitira mtima wa munthu amene wazingwa. Umayamba wawerenga zimene zasowa, ndipo zimene zilipo zimaoneka zazing'ono kwambiri mwakuti n'zosayenera n'kuzitchula komwe. Mwamuna wake ali moyo, kamtsuko kaja kadali chiwiya wamba cha kukhitchini. Funso la mneneri ndi kukula kwa vuto ndi zimene zidachititsa kuti mayiyo akayang'ane ndi maso ena. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Akhristu a m'parishi muno sasowa wowafotokozera za nthawi zovuta. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zozizira adakhala masiku ambiri manja ali pachifuwa. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mu Novembala 2023 kwacha idagwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mayi amene adagona ali ndi mpamba wokwanira kupikula belo la kaunjika adadzuka ndalama zomwezo zisakukwananso. Pamwamba pa zonsezi pali mizere ya mafuta a galimoto ndi achinyamata amene ali ndi madigiri m'sutikesi koma ntchito kulibe.

M'masiku omwewa ndi momwe anthu ena ayamba kuona timitsuko tawo. Feteleza atakwera mtengo, alimi ambiri adayamba kupanga manyowa amene amawatcha a Mbeya, posakaniza madeya, phulusa, ndowe za ziweto ndi feteleza pang'ono, n'kuzisunga m'thumba kwa masabata angapo kuti zipse. Phulusa lomwelo kale linkatayidwa kudzala. Makala atadula, ena adayamba kuumba mbaula zadothi zosatha nkhuni, ena kupanga mabiriketi kuchokera ku utuchi, mapepala ndi makoko a mtedza. Amene amapita ku Ndirande amadziwa kuti amisiri akumeneko amatha kusandutsa chitini chakale kapena lata lodooka kukhala ndowa, mbaula kapena chiwaya. Magetsi ozimazima adatsegulira msika anyamata amene adaphunzira kulumikiza masola. Palibe mmodzi wa anthu amenewa adapempha vutolo, koma litafika, lidawafunsa funso lomwe Elisa adafunsa mayi wamasiye uja.

Nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ambiri adaimva kapena kuionera pa kanema wa mu 2019. Njala ya 2001 mpaka 2002 idamuchotsa ku sekondale chifukwa makolo ake sakadatha kulipira fizi. Ali ndi zaka 14, adabwereka buku lotchedwa Using Energy ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale, ndipo pogwiritsa ntchito fani ya thirakitala yotola kudzala la zitsulo, mapaipi apulasitiki, felemu ya njinga ya bambo ake ndi mitengo ya bulugama, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Anthu a m'mudzi ankati wapenga. Nkhaniyi ndi yokoma, koma woikamba asaiwale mbali yake ina. Njala yomweyo idapha anthu ambiri, ndipo ana ochuluka amene adasiya sukulu chaka chimenecho sadabwererenso m'kalasi. Kunena kuti njala ndi mphunzitsi wabwino n'kunyoza manda a anthu amenewo. Mpingo suphunzitsa kuti kuvutika n'kwabwino pakokha, ndipo kalata ya maepiskopi a m'Malawi ya pa 8 Malichi 1992 idadzudzula poyera malipiro ochepa ndi kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka. Funso loyenera ndi lakuti, n'chifukwa chiyani vuto lomwelo limaphwanya wina, wina n'kumudzutsa?

Yankho lina lili m'malangizo a Elisa. Adauza mayiyo kuti apite kwa anansi ake onse akabwereke ziwiya zopanda kanthu, ndipo zisakhale zochepa. Taganizani mayi amene mudzi wonse ukudziwa kuti ali ndi ngongole yosabweza, akuyenda khomo ndi khomo kubwerekanso. Pamafunika kuchotsa manyazi kuti munthu achite zimenezo, ndipo pamafunikanso anansi okonzeka kutulutsa mitsuko yawo kwa munthu amene sakudziwa ngati adzaibweza. Mafuta adachokera kwa Mulungu, koma malo owathiramo adachokera m'makomo a anthu. Ndipo Malembo akunena mosabisa kuti mafuta adasiya kutuluka pamene chiwiya chomaliza chidadzaza. Kuchuluka kwa mafuta amene mayiyo adagulitsa kudafanana ndi kuchuluka kwa ziwiya zimene anansi adalola kubwereketsa. Ngakhale Kamkwamba, amene ambiri amamutchula ngati mnyamata wodzichitira zonse yekha, buku lidali lobwereka, njinga idali ya bambo ake, ndipo dayinamo adamugulira ndi mnzake.

M'mbiri ya Mpingo wa Katolika muli chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kwambiri za ziwiya za anansi. Ku Spain, m'dera la anthu a mtundu wa Basque, kuli tauni yaing'ono ya pakati pa mapiri yotchedwa Mondragón. Nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939 idasiya tauniyi ili ndi njala, ulova ndi chidani pakati pa mabanja amene adamenyera mbali zosiyana. Chakudya chinkagulidwa mwa mlingo woikidwa ndi boma. Mu 1941 episkopi adatumizako wansembe wachinyamata dzina lake José María Arizmendiarrieta. Iyeyu adali ndi diso limodzi chifukwa linalo adalitaya pa ngozi ali mwana, ndipo pa nthawi ya nkhondo adamangidwapo n'kupulumuka lokumbakumba. Mtima wake udali woti akapitirize maphunziro ku Louvain, m'dziko la Belgium, koma adamvera episkopi wake. Paguwa sadali mlaliki wokopa anthu. Mawu ake adali otsika, maulaliki ake ovuta kuwatsata. Poyang'ana ndi maso a dziko, tauni yosweka idalandira wansembe wosathandiza.

Bambo Arizmendiarrieta adaona kuti fakitale yaikulu ya m'tauniyo, Unión Cerrajera, idali ndi sukulu yophunzitsa ntchito zamanja koma inkalandira ana owerengeka, makamaka a ogwira ntchito pakampanipo. Adapempha kuti sukuluyo itsegulidwe kwa ana ena, eni ake n'kukana. Khomo limenelo litatsekeka, iye adatembenukira kwa anthu wamba. Adaika mabokosi m'misewu kuti aliyense wofuna aponyemo lonjezo la zimene angathe kupereka, ndipo mu 1943 sukulu ya ntchito zamanja ya anthu a m'tauni idatsegulidwa ndi ophunzira pafupifupi 20. Padapita zaka 13 fakitale yoyamba isadabadwe. Mfundo imeneyi ndi yowawa kwa achinyamata amene akufuna kuti geni yoyamba mu Januwale ikhale itagula poloti pofika Disembala, koma ndi momwe zidayendera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1956 anyamata asanu amene adali ophunzira a wansembeyu adayambitsa fakitale yaing'ono yotchedwa Ulgor, dzina lopangidwa ndi malemba oyamba a maina awo. Boma la nthawi imeneyo silinkapereka wamba chilolezo chotsegulira fakitale yatsopano, choncho iwo adagula kakampani kena kamene kadali katagwa ku Vitoria kuti apeze chilolezo chake. Ndalama adasonkha kwa anthu a m'tauni omwewo amene ankawadziwa kuyambira ali ana. Katundu wawo woyamba adali mbaula za parafini, chinthu chimene banja lililonse losauka linkachifuna. Lamulo la pafakitalepo lidali lakuti wogwira ntchito aliyense ndi mwini wake wa kampani, aliyense ali ndi voti imodzi, ndipo malipiro a bwana asatalikirane kwambiri ndi a wantchito wotsika.

Mavuto sadathere pomwepo, ndipo vuto lililonse lidabala chinthu chatsopano. Mabanki sankafuna kukongoza fakitale ya antchito, choncho mu 1959 adatsegula banki yawoyawo, Caja Laboral, yosunga ndalama za mabanja a m'deralo n'kuzibwereketsa ku makoparetivi atsopano. Boma litawachotsa m'ndondomeko ya penshoni ndi chithandizo cha odwala ponena kuti iwo ndi eni kampani osati olembedwa ntchito, adakhazikitsa thumba lawo lotchedwa Lagun Aro. Lero gulu la makoparetivi a Mondragón lili ndi antchito pafupifupi 70,000, yunivesite yake ndi masitolo ake. Sikuti zonse zidayenda myaa. Mu 2013 kampani ya Fagor Electrodomésticos, imene idachokera ku Ulgor yoyamba ija, idagwa chifukwa cha ngongole ndi kuvuta kwa msika. Chimene chidachitika n'chakuti ambiri mwa mamembala ake adawapezera malo m'makoparetivi ena a gululo, ena n'kupuma pantchito ndi penshoni. Wansembe uja adamwalira mu 1976 akadali wothandizira pa parishi yomweyo, munthu wodziwika ndi kuyenda panjinga yakapalasa. Mu 2015 Papa Francis adavomereza kuti adakhala moyo wa ukoma wapadera, sitepe ya panjira yomutcha woyera.

Mpingo udayamba kale kulimbana ndi katapila pogwiritsa ntchito nzeru zoterezi. Mu 1462 ansembe ndi abale a chipani cha Fransisko Woyera adathandiza kutsegula thumba lotchedwa Monte di Pietà mu mzinda wa Perugia ku Italy, lobwereketsa ndalama zochepa kwa amphawi pa chikole, ndi chiwongoladzanja chongokwanira kuyendetsera ntchito. Akatswiri ena a zaumulungu adatsutsa kuti chiwongoladzanja chilichonse ndi tchimo, mpaka Papa Leo X adagamula mu 1515 kuti matumba oterowo ndi ovomerezeka. Kuno kwathu, Mpingo wa Katolika udali m'gulu la amene adalimbikitsa ma SACCO oyambirira, ndipo bungwe lowagwirizanitsa la MUSCCO lidakhazikitsidwa mu 1980. Banki mkhonde imene amayi a m'miphakati amaidziwa bwino ndi mdzukulu wa maganizo omwewo: anthu osauka, aliyense ndi kamtsuko kake, kuika pamodzi kuti wina athiremo mafuta. Koma banki mkhonde imene chiwongoladzanja chake chafika pofanana ndi cha katapila, kapena imene imakakamiza membala kutenga ngongole imene alibe nayo ntchito kuti gulu lidzagawane zambiri pakutha pa chaka, yasiya kukhala mnansi wa mayi wamasiye. Yasanduka mwini ngongole uja. Mabanja ena atha, ndipo anthu ena athawa m'makomo mwawo usiku chifukwa cha magulu oterewa, ena mwa iwo otsegula misonkhano yawo ndi pemphero.

Elisa adauzanso mayiyo kuti akalowa m'nyumba atseke chitseko, akhale iye ndi ana ake. Mneneri mwini wake sadapite nawo. Ntchito yothira mafuta idali ya mayiyo, ndipo ana aja, amene maola ochepa m'mbuyomo adali katundu woti alandidwe, ndi amene ankamupatsira ziwiya. M'mabanja ambiri a m'tauni makolo amabisira ana za momwe chuma chilili, n'kumakongola kuti ana asaone kusintha, ndipo mwana wa Fomu 4 amaona ngati kukhala pa benchi ya tomato ya mayi ake Loweruka n'kudzitsitsa. Mwana amene waphunzira masamu akhoza kulemba m'kope zolowa ndi zotuluka za geni ya mayi ake, ndipo amene amakhalira foni tsiku lonse akhoza kutsatsa mandasi a pakhomo pa WhatsApp. Izi sizikutanthauza kuchotsa ana m'kalasi kuti azikagulitsa mazira m'mabala usiku. Kumeneko n'kuwaperekanso ku ukapolo womwe mayi uja ankawapulumutsako. Chitseko chotseka chikuphunzitsanso kuti ntchito yoyamba kumene sifuna owonerera ambiri. Pali geni zimene zimafa zisadabadwe chifukwa mwini wake adayamba ndi kusindikiza chikwangwani ndi kudzitcha dairekitala pa Facebook asadagulitse kanthu ndi kamodzi komwe.

Ziwiya zitadzaza, mayiyo adabwereranso kwa Elisa kukafunsa chochita. Malangizo amene adalandira ndi a msika weniweni: agulitse mafutawo, abweze ngongole, ndipo iye ndi ana ake adye zotsalazo. Mulungu akadatha kugwetsa siliva m'ziwiyazo, koma adapereka katundu woti anyamulidwe, ayezedwe, atsatsidwe ndi kunenereredwa mtengo. Amene amaganiza kuti malonda ndi ntchito yachikunja, yosayenera mkhristu wozama, awerengenso ndimeyi. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene adadzacheza kuno ku Malawi mu Meyi 1989, adagwirapo ntchito yoswa miyala ndi ya m'fakitale ya mankhwala ali mnyamata, dziko lake la Poland lili m'manja mwa asilikali a Germany. M'kalata yake ya mu 1981 yotchedwa Laborem Exercens adaphunzitsa kuti pogwira ntchito munthu amatenga nawo gawo m'ntchito ya Mlengi, ndi kuti munthu wogwira ntchitoyo ndi wofunika kuposa mpamba. Mayi wokazinga zitumbuwa mbandakucha ali m'kati mwa chiphunzitso chimenechi chimodzimodzi ndi injiniya.

Ndondomeko ya malangizowo ndi yofunikanso. Ngongole idayamba, kudya kudatsatira. Geni zambiri za m'makwalala muno sizifa chifukwa chosowa ogula. Zimafa chifukwa mpamba ndi ndalama ya ndiwo zimagona m'chikwama chimodzi, chifukwa abale amatenga katundu pa ngongole imene aliyense akudziwa kuti sidzabwezedwa, ndiponso chifukwa phindu loyamba limathera pa foni yatsopano pamene wopikulitsa akudikira ndalama zake. Apa pali vuto lenileni kwa mkhristu, pakuti maliro akagwa kumudzi kapena mwana wa mchemwali akathamangitsidwa kusukulu, chikondi chimati pereka. Palibe lamulo lophweka lothetsera zimenezi. Komabe munthu amene wadya mpamba wonse mwezi uno sadzakhala ndi chothandizira mbale aliyense mwezi wamawa, ndipo kuuza m'bale mwaulemu kuti ndalama iyi ndi ya geni, chimene chingatheke ndi ichi, si kuuma mtima. Amene adakongola kwa mkhristu mnzake wa mumphakati n'kusintha tchalitchi chopemphera kuti asamakumane naye, adziwe kuti watsekera khomo amasiye ena amene adzabwere kudzabwereka pambuyo pake.

Nthawi zovuta zimanolanso nzeru za mtundu wina, ndipo n'kulakwa kuziyamikira pamodzi ndi zabwino zija. Pali amene amasakaniza feteleza ndi mchenga n'kusokanso thumba. Pali amene amakhotetsa sikelo pogula chimanga kwa alimi, amene amaphwanya pansi pa chigoba choyezera kuti chichepe, amene amabisa shuga kapena mafuta a galimoto kuti adzagulitse pa mtengo wowirikiza mizere ikatalika. Pali anyamata anzeru kwambiri amene luso lawo lonse lathera potumiza mauthenga abodza pafoni kuti abere agogo ndalama zimene ana awo atumiza kuchokera ku Joni. Onsewa akhoza kunena kuti zinthu zavuta ndipo munthu ayenera kuchangamuka. Mneneri Amosi, m'mutu 8, adawadziwa kale amalonda otere, amene ankaona tsiku la Sabata ngati likuchedwa kutha kuti akachepetse muyeso, akakweze mtengo ndi kugulitsa ngakhale mungu wa tirigu, ndipo adawauza kuti Mulungu sadzaiwala ntchito zawo. Mafuta a mayi wamasiye adali mafuta enieni, ndipo amene adawagula adapita kwawo ndi chinthu chofanana ndi ndalama zawo. Phindu limene lachokera pa njala ya mnansi silisanduka loyera chifukwa choti gawo lake laponyedwa m'mbale ya chopereka.

M'Chipangano Chatsopano muli banja lina limene moyo wake ukufanana ndi wa anthu ambiri a masiku ano. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 18, likusimba za Akwila ndi mkazi wake Prisila, amene adathamangitsidwa ku Roma pamene mfumu Klaudio idalamula kuti Ayuda onse achoke mumzindamo, cha m'ma 49. Adafika ku Korinto ngati othawa kwawo, atasiya nyumba ndi makasitomala. Chimene sadawalande chidali luso la m'manja mwawo losoka mahema. Paulo Woyera, amenenso ankadziwa ntchito yomweyo, adakhala nawo n'kumasoka nawo limodzi, ndipo pa Sabata ankakaphunzitsa m'sunagoge. Adakhala ku Korinto chaka ndi theka. Pambuyo pake banjali lidasamukira ku Efeso, komwe lidaphunzitsa mlaliki wotchuka Apolo njira ya Mulungu molongosoka, ndipo makalata a Paulo akuonetsa kuti akhristu ankasonkhana m'nyumba mwawo. Mphakati woyamba wa kumeneko unkakumana pansi pa denga lolipiridwa ndi singano ndi chikopa. Amene abwerako ku South Africa manjamanja, kapena amene kampani yawo idatseka ali ndi zaka 45, ali ndi chinthu chimene palibe adawalanda pachipata: zimene manja awo ndi mutu wawo zidaphunzira kumeneko, kaya ndi kuika matailosi, kuphika, kusamalira maluwa kapena kusunga mabuku a ndalama.

M'parishi ya m'tauni ngati ino, pa benchi limodzi la m'tchalitchi pamakhala wowerengera ndalama za kampani, mayi wogulitsa usipa, mnyamata wa kabaza ndi mtsikana amene adamaliza digiri ya zaulimi zaka zitatu zapitazo koma akadali pakhomo. Amapatsana moni wa mtendere Lamulungu lililonse, koma kawirikawiri palibe amene amadziwa chimene mnzake ali nacho kapena chimene akusowa. M'nyumba zina muli makina osokera amene adafundidwa nsalu kuyambira pamene mwini wake adamwalira, firiji yaikulu imene muli mabotolo awiri a madzi, kapena malo a kuseri kwa nyumba okwanira khola la nkhuku 50. M'nyumba zoyandikana nazo muli anthu odziwa kusoka, odziwa kupanga mafirizesi ndi yogati, odziwa kuweta, amene alibe pogwira. Zimenezi ndi ziwiya zopanda kanthu ndi mafuta opanda pothira, zokhala moyang'anizana mumsewu umodzi.

Mphakati uliwonse ukhoza kutenga msonkhano umodzi, pambuyo pa kuwerenga Mawu ndi kugawana, n'kulemba m'kope zinthu ziwiri: zida ndi malo zimene mamembala angalole kubwereketsa, ndi luso limene aliyense ali nalo, ngakhale limene iye akuliona ngati lachabe. Wodziwa za mabuku a ndalama apatule ola limodzi pa mwezi kuti aone makope a amayi a geni ndi kuwathandiza kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Pobwereketsa chida pakhale pangano lolembedwa, lonena tsiku lobweza ndi amene adzakonze chikaonongeka, pakuti zibwenzi zambiri za mumpingo zatha chifukwa cha mapangano a pakamwa. Ndipo atsogoleri a mphakati afufuze mwakachetechete, popanda kutchula maina pagulu, ngati pakati pawo pali banja limene wakatapila walilanda kale khadi la kubanki kapena chiphaso cha poloti, kuti alipeze tsiku lolanda katundu lisadafike.